Kutseka, kusunga mpira kapena kubwezera msanga: njira iti ingapititse Flames patsogolo m'ndime yachipulula?

Pa 25 Januwale 2022, pa bwalo la Ahmadou Ahidjo mumzinda wa Yaoundé, Flames idasewera koyamba m'mbiri yake masewero a ndime yachipulula mumpikisano wa AFCON, ndipo idatsogola pa mphindi ya 7 pomwe Gabadinho Mhango adaona kuti goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, wasuntha pagolo, n'kuponya mpira wochokera kutali womwe mpaka lero sitidauiwale. Chigawo choyamba chili pafupi kutha, Youssef En-Nesyri adabweza ndi mutu, kenaka pa mphindi ya 70 Achraf Hakimi adagoletsa firikiki, ndipo ulendo wathu udathera pomwepo ndi 2-1. Kuyambira usiku umenewo, ochemererafe takhala tikutsutsana pa funso limodzi: tsiku lomwe tidzafikenso m'ndime yotere, pomwe wogonja amalongedza katundu, tidzasewere motani kuti tidutse? Mayankho omwe ndimamva amagwa m'magulu atatu, ndipo lililonse lili ndi timu yeniyeni yomwe idaliyesa, choncho n'zotheka kuwaika pamodzi ndi kuona zomwe lililonse limafuna kwa osewera omwe tili nawo.

Gulu loyamba limati timu yaing'ono ilibe chifukwa chodzionetsera. Itseke kumbuyo ndi anthu asanu ndi anayi kapena khumi, isalole chigoli kwa mphindi 120, nkhani ikathere ku mapenate komwe mayina akuluakulu sathandiza kwenikweni. Umboni wawo ndi wamphamvu ndithu. Mumpikisano womwe uja wa ku Cameroon, Egypt ya mphunzitsi Carlos Queiroz idalepherana ndi Côte d'Ivoire osagoletsana n'kupambana pa mapenate, idachitanso chimodzimodzi kwa eni bwalo a Cameroon m'ndime ya matimu anayi, ndipo idafika mpaka kumasewero otsiriza. Kumapeto kwa chaka chomwecho, ku World Cup ya ku Qatar, Morocco idasiyira Spain mpira pafupifupi masewero onse, Spain idapatsirana koposa ka 1,000 koma osapeza golo, ndipo pa mapenate Bounou adagwira awiri, ina idamenya mtengo, Morocco n'kudutsa ndi 3-0. Ifenso tidalawako kukoma kwa njirayi pomwe tidalepherana 0-0 ndi Senegal ku Bafoussam, timu yomwe pambuyo pake idatenga chikho, ndipo tsiku limenelo tidapatsidwa penate yomwe idafafanizidwa woyimbira atakaonera VAR.

Komabe ndikayang'anitsitsa njira imeneyi ndimaona kuti imafuna zinthu ziwiri zomwe sitiyenera kungoganiza kuti tili nazo. Choyamba ndi mphamvu zothamangira mpira uli kwa adani kwa nthawi yaitali, chifukwa palibe chotopetsa pabwalo kuposa kuthamangitsa mpira womwe sukuugwira. Osewera a Egypt ndi Morocco ambiri amachokera m'matimu omwe amasewera mipikisano ikuluikulu ya ku Africa ndi ku Ulaya, pomwe m'zikho zathu zam'dziko muno, matimu akalepherana pa mphindi 90 nthawi zambiri amangopita ku mapenate, kotero kuti wosewera wa m'ligi yathu sadziwa bwino kulemera kwa miyendo pa mphindi ya 110. Ngakhale Egypt yomweyo, itasewera mphindi zowonjezera katatu motsatizana, idafika pamasewero otsiriza yotopa, ndipo mapenate omwe adaikweza ndi omwenso adaigwetsa pamaso pa Senegal. Chachiwiri ndi mapenatewo. Mu 2023, ku COSAFA Cup mumzinda wa Durban, Flames idapambana masewero onse atatu am'gulu, koma m'ndime ya matimu anayi idalepherana 1-1 ndi Lesotho n'kugonja pa mapenate, ndipo polimbirana nambala yachitatu idagonjanso pa mapenate kwa South Africa. Timu yomwe ili ndi mbiri yotere singamange chiyembekezo chake chonse pa mapenate, pokhapokha itasintha kwambiri momwe imawakonzekerera.

Pali chinanso chomwe masewero a ku Yaoundé adaonetsa poyera. Timu ikabwerera mpaka pakhomo pa golo lake, imapereka kwa adani zinthu ziwiri zomwe matimu a kumpoto kwa Africa amazidziwa bwino: mpata woponya mipira yam'mwamba kuchokera m'mbali, ndi mafirikiki pafupi ndi bokosi. Zigoli zonse ziwiri za Morocco zidabwera m'njira zimenezi. Goloboyi Charles Thom adagwira mipira yambiri usiku uja, ndipo akadapanda iye zigoli zikadachuluka, koma goloboyi akakhala ndiye wotanganidwa kuposa wina aliyense m'timu, ndiye kuti golo likungodikira nthawi yake.

Gulu lachiwiri limanena zosiyana kotheratu. Iwo amati mantha ndiwo amatigonjetsa, ndipo njira yabwino yodzitetezera ndi kusunga mpira, kuuyendetsa pansi kuchokera kumbuyo, kuti mdani naye athamange. Chitsanzo chomwe amakonda ndi South Africa ya Hugo Broos, yomwe mu Januwale 2024 idatulutsa Morocco yomwe ija m'ndime ya matimu 16 ya AFCON ku San-Pédro ndi zigoli ziwiri kwa duu, china cha Evidence Makgopa china cha Teboho Mokoena. Kunena zoona, Bafana Bafana sidalamulire mpira masewero onse, ndipo Hakimi adaphonya penate yomwe ikadasintha zinthu, koma chomwe chidaoneka n'chakuti akalanda mpira sankautaya mwachisawawa; ankapatsirana modekha, kupuma nawo, ndi kudikira mpata. Ndimamvetsa chifukwa chomwe njirayi imakopera Amalawi ambiri, pakuti wosewera wathu mwachibadwa ndi wa luso la kumapazi osati wa msinkhu, ndipo mpira wapansi ndi womwe timakula nawo m'mabwalo a fumbi a ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi.

Vuto lake ndi loti zomwe Broos adaonetsa sizidapangidwe pa kampu ya masabata awiri. Oposa theka la osewera omwe adayamba masewerowo adali a timu imodzi, Mamelodi Sundowns, anthu omwe amachita zokonzekera limodzi tsiku ndi tsiku, pa mabwalo osalala, ndipo adazolowera kukumana ndi matimu a ku Morocco ndi Egypt mu CAF Champions League. Ife osewera athu amachokera ku Bullets, Silver Strikers, Wanderers ndi matimu ena, kuphatikizapo omwe ali kunja, ndipo amakumana masiku ochepa masewero asanachitike. Kuyamba mpira kuchokera kwa goloboyi pamaso pa timu yomwe imapanikiza mwadongosolo kumafuna kuti aliyense adziwe komwe mnzake ali asanadzutse mutu, ndipo kulakwitsa kamodzi kokha pafupi ndi golo kumathetsa zonse. Omwe adaonera AFCON ya 2010 ku Angola akukumbukira kuti titathambitsa Algeria 3-0, masewero omaliza am'gulu tidalola zigoli ziwiri za Mali m'mphindi zitatu zoyambirira, ndipo kuchokera pamenepo kudali kukwera phiri. M'gulu umatha kukhala ndi tsiku lina lokonzera zolakwika; m'chipulula tsiku limenelo palibe. Choncho ndikaika njira ziwirizi pambali ndi pambali, yoyamba imatipha pang'onopang'ono pomwe yachiwiri ingatiphe msanga, ngakhale kuti yachiwiriyi ndi yomwe ndingakonde kuti matimu athu achisodzera aziphunzitsidwa kuyambira pano.

Njira yachitatu ndi yomwe ndikufuna kukhalapo nthawi, chifukwa anthu amaisokoneza ndi yoyamba pomwe ndi zosiyana kwambiri. Iyi ndi yotseka mothinana koma chapakati pa bwalo, osati pakhomo pa golo, ndi kubwezera mwaliwiro mpira ukangolandidwa, kudzera mwa osewera awiri kapena atatu omwe ntchito yawo ndi kuopseza. Chitsanzo chake chili kwa anansi athu. Zambia ya Hervé Renard pa AFCON ya 2012 idalibe wosewera wa dzina lofanana ndi Didier Drogba, Yaya Touré kapena Asamoah Gyan, ndipo ambiri mwa anyamata ake ankasewera mu Africa momwemuno, koma idagonjetsa Sudan 3-0 m'ndime ya matimu asanu ndi atatu, idagonjetsa Ghana 1-0 ndi chigoli cha Emmanuel Mayuka yemwe adalowa chigawo chachiwiri, ndipo m'masewero otsiriza ku Libreville idalimbana ndi Côte d'Ivoire mphindi 120 isanapambane 8-7 pa mapenate, Stoppila Sunzu atagoletsa yotsiriza. Wina anganene kuti amenewa ndi mapenate omwe aja a gulu loyamba, koma amene adaonera akudziwa kuti Chipolopolo sidapite kukadikira mapenate. Christopher Katongo, Rainford Kalaba ndi anzawo ankati akalanda mpira amapita nawo kutsogolo molimba mtima, kotero kuti otseka kumbuyo a Côte d'Ivoire sakadatha kukwera onse n'kusiya kumbuyo kopanda munthu.

Apa ndi pomwe pagona kusiyana kwenikweni. Timu yongotseka imalola mdani kubweretsa anthu asanu ndi atatu m'chigawo chake popanda mantha, pomwe timu yobwezera imamukakamiza kusiya atatu kapena anayi kumbuyo, ndipo kuchepa kwa anthu oukirako ndi komwe kumapatsa otseka kumbuyo mpata wopuma. Ngakhale Morocco ya ku Qatar, yomwe gulu loyamba limaitenga ngati yawo, ndimaiona kuti idali pafupi ndi njira yachitatuyi, chifukwa idali ndi Sofyan Amrabat wolanda mipira pakati, komanso Hakim Ziyech ndi Sofiane Boufal omwe ankatha kugwira mpira, kudutsa munthu ndi kuchititsa adani kuwachitira zolakwa, ndipo masekondi amenewo ndiwo ankabwezeretsa mpweya kwa anzawo. Ku Yaoundé ife tidali ndi theka lokha la njirayi. Mphunzitsi wa Flames pa nthawiyo, Mario Marinica, ankalimbikitsa mpira wothamanga wopita kutsogolo msanga, ndipo udatipatsa zigoli ziwiri za Mhango pogonjetsa Zimbabwe 2-1 komanso chigoli chija cha pa mphindi ya 7, koma titatsogola, mipira yambiri yomwe tinkalanda tinkangoimenya kutsogolo ndipo inkabwerera nthawi yomweyo. Liwiro lidalipo, koma munthu woti aponde mpira, aubise ndi thupi, adikire anzake akwere, ndi amene adasowa.

N'zoona kuti njirayi nayo ili ndi mtengo wake. Mzere wakumbuyo ukakwera kufika chapakati, kumbuyo kwake kumatsala malo omwe wosewera waliwiro ngati Hakimi angathamangiremo, ndipo otseka pakati ayenera kukhala ogwirizana kwambiri pa nthawi yokwera ndi yobwerera. Imafunanso osewera apakati awiri omwe angalande mpira popanda kugwetsa munthu pafupipafupi, chifukwa khadi lofiira limodzi limasandutsa njira yachitatu kukhala yoyamba mokakamizika, monga zidachitikira Comoros yomwe idatsala ndi anthu khumi kumayambiriro kwa masewero ake ndi Cameroon mu AFCON ija ya mu Januwale 2022. Koma zofunika zimenezi ndi zoti mphunzitsi angazikonze m'masabata ochepa, mosiyana ndi kumvana kwa mtundu wa Sundowns komwe kumatenga zaka, kapena mphamvu za mphindi 120 zomwe zimachokera ku ligi yonse. Lamulo lolola kusintha osewera asanu likuthandizanso njirayi kuposa zinazo, chifukwa othamanga akutsogolo akatopa cha pa mphindi ya 60 angalowe m'malo ena atsopano popanda kusokoneza mzere wakumbuyo, ndipo Mayuka adaonetsa zomwe wolowa mochedwa angachite kwa otseka otopa.

Ndikayerekeza zonsezi, mwayi wa Flames m'masewero achipulula olimbana ndi timu yamphamvu ndimauona waukulu m'njira ya Zambia, wocheperako m'njira ya Egypt, ndipo wochepa kwambiri pakadali pano m'njira ya South Africa. Izi zingasinthe ngati mdani ndi wa msinkhu wathu, monga matimu ambiri a COSAFA, pakuti pamenepo kusunga mpira sikukhalanso koopsa ndipo kubisala kumbuyo kungakhale kudzichepetsa kopanda chifukwa. Mapenate sayenera kukhala cholinga, koma ayenera kukonzekeredwa ngati gawo la masewero, ndi mndandanda wa omenya wodziwika kale komanso goloboyi yemwe waphunzira mbali yomwe adani amakonda. Goloboyi wa South Africa, Ronwen Williams, adagwira mapenate anayi a Cape Verde mu 2024, ndipo wa Zambia, Kennedy Mweene, adagwira ya Gyan m'masewero a Ghana aja kenaka n'kumenya yake ku Libreville. Mphunzitsi aliyense amene adzatitsogolere kumeneko ndingamupemphe kuti posankha anthu 11 oyamba, asayambe ndi kufunsa kuti wothamanga kwambiri ndani, koma ayambe wapeza wosewera wapakati yemwe, titatsogola ndi chigoli chimodzi pa mphindi ya 7, angathe kusunga mpira kumapazi kwake masekondi asanu Morocco ikumupanikiza.