Ndemanga pa Uphungu wa Androgen Insensitivity Syndrome

Uphungu umene banja lathu linalandira pa chipatala chachikulu choona za mahomoni, mtsikana wathu atapezeka ndi vuto lobadwa nalo lotchedwa Androgen Insensitivity Syndrome, ndi woyenera kuyamikiridwa, makamaka chifukwa madokotala analankhula ndi mtsikana wathu mwiniwake moona mtima, osati ndi makolo okha. Anafotokoza modekha kuti iye ali ndi makromozomu (tinthu ta m'maselo tonyamula majini, malangizo achibadwa) a XY, omwe kawirikawiri amakhala a amuna, koma thupi lake silimva mphamvu ya mahomoni achimuna otchedwa androgen chifukwa cha kusintha kwa jini ya AR, yothandiza thupi kumva mahomoniwa, yomwe ili pa kromozomu ya X, ndipo n'chifukwa chake anakula ngati mkazi aliyense ngakhale alibe chiberekero ndipo sachita msambo. Ananenetsa kuti ndi mkazi ndithu, mawu amene anamukhazika mtima pansi.

Pa nkhani yochotsa tiziwalo totulutsa mahomoni tomwe tili m'mimba, sanatifulumizitse. Anatiuza ubwino ndi kuopsa kwake, komanso kuti tiziwaloto tikachotsedwa mtsikanayo adzafunika mankhwala a estrogen (mahomoni achikazi) oteteza mafupa.

Chimene chikuperewera ndi chisamaliro kwa amayi ake, omwe ankadziimba mlandu atamva kuti vutoli kawirikawiri limadzera mwa mayi. Sanatilumikizitsenso ndi mabanja ena otere, pamene mtsikana wosweka mtima ndi nkhani ya kusabereka amafunikira kwambiri anzake omumvetsa.