Flatdeck, tautliner kapena tipa: ngolo yoyenera munthu wa thiraki imodzi

Achimwene angapo amene timagona nawo pamzere wa pachipata cha Mwanza akhala akundifunsa funso limodzi. Atopa kuyendetsera mabwana, asonkhanitsa kandalama kogulira hosi (mutu wa thiraki wokoka ngolo) yoyendapo kale, koma pa ngolo mutu waima: agule flatdeck (ngolo yathyathyathya yopanda denga ndi makoma), tautliner (ya denga ndi makatani m'mbali) kapena tipa? Ine ndinayendetsa tautliner ya eni ake kwa zaka, ndipo nditagula yanga ndinasankha flatdeck. Ndikuuzeni zimene ndaona ndi maso anga.

Munthu wa thiraki imodzi amagwa ndi ulendo wobwerera wopanda kanthu. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Beira ndi makilomita pafupifupi 800, kudzera pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Kassuende ku Tete, kenako Changara, Chimoio ndi Inchope. Dizilo wa njira yonseyi ukuthira wekha, ndalama za pamsewu ukulipira wekha. Kampani ya mathiraki makumi atatu ikabweza imodzi yopanda katundu, zinzake zimaikwirira. Iwe ulibe wokukwirira. Ndiye poyang'ana ngolo iliyonse muzidzifunsa kuti: kodi imeneyi ingakane katundu wamtundu wanji?

Flatdeck sikana zambiri. Feteleza wa matumba a makilogalamu 50 imanyamula, matumba 600 kukwana matani 30. Simenti, zitsulo zomangira, malata, matabwa, mapaipi, makina, zonse zimakwera, chifukwa kreni imatsitsa katundu kuchokera pamwamba, forklift n'kumalowa mbali zonse. Chachikulu ndi ma twist lock, zitsulo zokhomera kontena pangolo. Ngolo ikakhala nawo, kontena ya mafiti 40 imakhala bwinobwino, kapena ziwiri za mafiti 20. Zikutanthauza kuti ukhoza kutsika ndi kontena ya fodya kapena tiyi n'kubwerera ndi feteleza. Musagule flatdeck yopanda ma twist lock ngakhale mtengo wake ukome bwanji. Komanso ngolo yake ilibe zambiri zoti ziwonongeke: thabwa la pansi likathyoka, chitsulo chikang'aluka, wowotcherera aliyense wa pa Tete kapena pa Zalewa akukonzera tsiku lomwelo.

Koma mtengo wa flatdeck umalipidwa ndi thupi. Amene sanakutepo feteleza ndi lona ku Beira mwezi wa Novembala sangamvetse. Lonayo ndi yolemera, pamwamba pa matumba mpweya wa kunyanja ukukuphika, thukuta likulowa m'maso, zala zikuyabwa ndi mchere wa feteleza. Uyale lona yakumbuyo poyamba, yakutsogolo ibwere pamwamba pake kuti mphepo ndi mvula zisalowere pamphambano. Upinde makona, uponye malamba, ukoke limodzi limodzi mpaka lilire ukaligogoda. Ukayenda pang'ono, kufika cha ku Dondo, uime ndithu, chifukwa matumba akhazikika ndipo malamba amene unawasiya olimba wapeza akugwedera. Ndimaimanso pa Changara kuwayang'ana. Munthu wa msana wovuta kapena amene zaka zapita aganize kawiri, apo ayi akhale ndi mnyamata wodalirika, ndipo malipiro ake awerengedwe m'ndalama za ulendo.

Mvula ndiye mdani weniweni. Chaka changa choyamba ndinanyamula simenti lona ili ndi kabowo kosakwana chala. Pakati pa mizere ya matumba panachita kachigwa, madzi anadikha pamenepo usiku wonse n'kumadontha. Potsitsa tinapeza matumba a mzere wapamwamba auma gwa ngati miyala. Mwini katundu anadula mtengo wake pa ndalama yanga, ndipo sindinatsutse chifukwa mlandu unali wanga. Kuyambira pamenepo lona ndimaiyala padzuwa, ndimalowa pansi pake kuyang'ana pamene pakudutsa kuwala, ndipo inshulansi ya katundu sindiidumpha.

Apa m'pamene tautliner imawina, ndipo ndisaibise. Denga lilipo, makatani ukoka, umanga zingwe zake, basi wanyamuka pamene mnzako wa flatdeck akadali pamwamba ndi lona. Katundu wa m'masitolo wochokera ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge ndi Nyamapanda, wa m'makatoni ndi pamapaleti, eni ake amafuna tautliner, ndipo ena flatdeck saifuna n'komwe. Vuto lake n'lakuti kontena sikwera, kreni singatsitse zitsulo kudzera padenga, ndipo katani imodzi mbala zikaing'amba ndi mpeni pamtunda pamene thiraki ikukwawa, kukonza kwake kumawawa. Ngoloyo imalemeranso, ndiye katundu amachepa pang'ono. Ngati muli ndi kasitomala wokhazikika wa njira ya ku Joni amene amadzaza popita ndi pobwera, tengani tautliner mtima uli m'malo. Ngati katundu mumasaka kudzera mwa mabroka pafoni, idzakugonetsani masiku ambiri padepoti.

Tipa ndiyosavuta kuiweruza. Kutsitsa kwake ndi mphindi zochepa, palibe kunyamula thumba, koma imadya katundu wothira yekha: malasha, miyala, mchenga, clinker yopangira simenti. Popanda kontirakiti yolembedwa, imeneyo si ngolo ya munthu woyamba. Thanki ya mafuta nayo ndi dziko lina, lofuna chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, ndi mpamba waukulu.

Mukasankha flatdeck patsala funso lina: triaxle (ngolo imodzi ya maekiselo atatu) kapena superlink? Superlink imakopa. Ngolo ziwiri, ya mamita 6 ndi ya mamita 12, ndipo pasikelo imaloledwa kufika matani 56 yonse pamodzi, pamene hosi ndi triaxle zimathera cha pa matani 50. Matani owonjezerawo ndi ndalama. Koma werengani matayala: triaxle ndi hosi yake ndi matayala 22, superlink 26. Onjezani mabuleki a ekiselo ina, dizilo wochuluka, ndi hosi yakale imene ikulira pamapiri a Chiweta kapena a Kitonga mukalowera ku Dar es Salaam. Kubwerera m'mbuyo ndi superlink pageti yopapatiza ya nyumba yosungiramo feteleza kumudzi ndi ntchito inanso. Kwa munthu amene hosi yake yayenda kale mtunda wautali ndipo akubweza ngongole, ine ndimati triaxle.

Pokagula, lowani pansi pa ngolo ndi tochi muone chassis pafupi ndi kingpin (chitsulo cholumikiza ngolo ndi hosi) ndi pamene pagwira masipuling'i. Mukaona utoto watsopano pamalo amodzi okha, palani ndi chikhadabo, nthawi zambiri pansi pake pali powotcherera. Ndipo musathere ndalama yonse pangolo: siyani ya malona awiri atsopano, malamba, matcheni ndi zotetezera m'makona, chifukwa katundu woyamba simungamunyamule popanda zimenezi.