Equilab, kapulogalamu kamene kanandichepetsa ma call a pa river

Aise, amene mumasewera poker ya pa intaneti ya tindalama tochepa, ma table a 1 cent ndi 2 cents aja, ka Equilab, kowerengera mwayi wa makhadi ako wopambana, mukayeseko. Nkaulele, nka PokerStrategy.com, kamayenda pa Windows basi, ndiye a foni okhaokha muchita kubwereka laputopu. Ine ndimakatsegula usiku kuno ku Chibavi ndikamaliza kusewera, nditafunda bulangete chifukwa kuzizira kwa Mzuzu mu June mukukudziwa.

Vuto langa linali loti munthu akabetcha pa river, khadi lachisanu lomaliza la pa tebulo litatuluka, mtima unkangoti ameneyu akunama, ndiye call (kuika ndalama yofanana ndi yomwe wabetchayo), call, ndalama kumapita. Mu Equilab umalemba makhadi ako, makhadi a pa tebulo, kenako pa bokosi la manja 169 (dzanja ndi makhadi awiri amene munthu wagwira) umasankha zimene mnzakoyo angakhale nazo, iyo nkukuuza kuti mwa 100 upambana kangati.

Dzanja lina linandipweteka ndinali ndi KJ (King ndi Jack), pa tebulo K, 9, 4, 2, 7, K ndi 9 zili za mtima (hearts) koma mtima wachitatu sunabwere. Poti, ndalama zomwe zinali kale pakati, inali 40 cents, mkulu amene ndimasewera naye anabetcha 20. Ndikuika 20 kuti nditenge 80 yonse, ndiye ndikufunika kupambana kamodzi pa kanayi, 25%. Akanabetcha poti yonse ikanakhala 33%. Nditawerenga zondiposa zomwe ndinaganiza kuti angabetche nazo, AK ilipo mitundu 8 poti ma K awiri aoneka kale, KQ 8, 99 itatu, 44 itatu, zonse 22. Kuti call ikhale ndi phindu pamafunika ma bluff (manja osalimba obetchera mongoopseza) 8 kapena kuposa, ngati Q10, J10, 10-8, A5 za mtima zomwe flush (makhadi asanu onse a mtima) sinatuluke. Pa pepala zimakwana ndithu.

Koma apa mpamene kapulogalamuka kamathera, munthuyo sikamudziwa, kamangowerenga zomwe waikamo iweyo. Ukaikamo ma bluff ambiri chifukwa mtima ukufuna call, kakuuzanso kuti call. Ndipo anthu ambiri a ma table ang'onowa flush ikawakana amangochekera, kudutsitsa osaika ndalama, sabetcha katatu konse alibe kanthu, makamaka uja wakhala phee ola lonse akungopanga call kenako mwadzidzidzi wakwezera pa river. Mkulu wanga uja anali wa mtundu umenewu, ndinapanga call, anatulutsa KQ. Nditachotsa theka la ma bluff aja mu Equilab nambala inagwa pansi pa 25%, kusonyeza kuti ndinkayenera kufolda, kutaya makhadi osapanga call.

Maonekedwe ake ndi achikale, tsiku loyamba mudzasochera ndi ma batani, ndipo musakatsegule uku mukusewera chifukwa ma site ena amaletsa zimenezo. Panopa ndikamaliza kusewera ndimasankha manja atatu omwe ndinakayikira pa river nkuwalowetsa mmenemo ndisanagone, ndipo munthu yemwe ndinamuonapo akuonetsa bluff ndimamulemba ka note, ameneyo ndi amene ndimamupangira call.