Supu wa nyemba wa mu slow cooker, miyezi ingapo chichepetsereni mchere

Kaphikidwe kamene ndinayamba nako kanali kamtundu uja kamene kamachititsa anthu kugula slow cooker, poto wamagetsi wophika pang'onopang'ono: thirani zonse mupoto m'mawa, vundikirani, madzulo mudzapeze chakudya chapsa. Munkalowa nyemba zam'chitini, ntchafu za nkhuku ndi khungu lake lomwe, soseji, ma stock cube awiri, madzi mpaka pakamwa pa poto, kenako kirimu pomaliza. Adokotala atandiuza kuti BP yakwera ndipo ndichepetse mchere komanso nditsitseko thupi, ndinasankha kumusintha supuyu m'malo momutaya. Papita miyezi yambiri tsopano, ndipo maganizo anga ndi awa: potoyu ndi wabwino kwa munthu wochepetsa mchere, koma zoti ungothira zonse n'kuchokapo ziiwaleni.

Ndondomeko imene ndikutsata ndi ya DASH, ya kadyedwe kothandiza kutsitsa BP, imene zotsatira za kafukufuku wake woyamba zinatuluka ku America mu 1997. Imalimbikitsa masamba, zipatso, nyemba ndi nyama yopanda mafuta ambiri, ndipo sodiyamu, amene amapezeka mu mchere, asapitirire mamiligalamu 2,300 patsiku, kapena 1,500 kwa ofuna kutsitsa kwambiri. Bungwe la WHO limati wamkulu asafike mamiligalamu 2,000, omwe ndi magalamu 5 a mchere, osadzadza n'komwe supuni yaing'ono ya tiyi. Nditawerenga zolembedwa pa chitini, pa soseji ndi pa kabokosi ka ma cube, ndinapeza kuti mbale imodzi ya supu wakale uja inkamaliza gawo lalikulu la mlingo wa tsiku lonse, ine ndisanagwire n'komwe botolo la mchere.

Choyamba kuchoka chinali chitini. Kukhetsa madzi a nyemba zam'chitini n'kuzitsuka kumachotsa sodiyamu pafupifupi 40 pa 100 alionse, ndipo tsiku lotanganidwa ndimachitabe zimenezo. Koma nyemba zouma zilibe mchere wothiridwa, ndipo pa nyembapo ndi pamene potoyu amaonetsa luso lake. Sizodabwitsa: Irving Naxon atalandira chiphaso cha umwini wa chipangizochi mu 1940, anachigulitsa ndi dzina loti Naxon Beanery, chophikira nyemba, kampani ya Rival isanachitchule kuti Crock-Pot mu 1971.

Apa pali chenjezo limene sindilumpha. Nyemba zofiira zija amati red kidney zili ndi poizoni wotchedwa phytohaemagglutinin, amene amatha pokhapokha nyembazo zitawira kwenikweni pa madigiri 100. Slow cooker akakhala pa Low, kutentha kotsika, amatenga nthawi yaitali asanafike pamenepo, ndipo ena safika n'komwe. Nyemba zinayi kapena zisanu zosapsa bwino n'zokwanira kumusanzitsa munthu ndi kumutsegula m'mimba. Bungwe la FDA la ku America limalangiza kuziviika maola osachepera 5, kutaya madziwo, n'kuziwiritsa m'madzi atsopano kwa mphindi 30. Ine ndimaviika usiku, m'mawa n'kuziwiritsa pa sitovu zibwate ndithu, ndiye zikalowe mu slow cooker. Ndimatero ndi nyemba za mtundu uliwonse, ngakhale zoyera.

Vuto lalikulu linali kukoma. Ukachotsa soseji ndi ma cube, supu wa mu slow cooker amazizira kuposa wophika pa sitovu, ndipo chifukwa chake chili pa chivundikiro. Nthunzi imakwera, imagunda galasi, n'kudonthera momwemo. Madzi saphwa. Masamba nawo amatulutsa madzi awo, moti madzulo umapeza supu wachuluka kuposa mmene unamusiyira, kukoma konse kwasukuluka. Chinanso, m'madzi chakudya sichingafiire, poti kufiira kuja kumene kumanunkhiritsa nyama ndi anyezi kumafuna kutentha kwa madigiri 140 kapena kuposa. Kaphikidwe kakale kankabisa zonsezi ndi mchere.

Ndiye ntchito yeniyeni inasamukira ku mphindi 15 zoyambirira, pa fulayipani. Ndimathira mafuta supuni imodzi yaikulu, yoyeza osati yongopungula, poti supuni imodziyo ili ndi ma calorie pafupifupi 120. Ndimayamba ndi nkhuku ifiire mbali zonse, n'kuichotsa. M'mafuta omwewo mumalowa anyezi wambiri, moto wapakati, mpaka atafewa n'kusanduka wofiirira. Kenako bowa wodula ting'onoting'ono, adyo, chitowe, paprika, ndi supuni ziwiri za tomato paste yopanda mchere, imene ndimaikazinga mpaka itada n'kuyamba kumata pansi. Ndikathira kapu ya madzi, zomata zija zimasungunuka, ndimapala ndi chipande, ndipo msuzi wakuda umenewo ndi umene walowa m'malo mwa ma cube. Madzi a mupoto ndinawachepetsa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, angofika pamwamba pa nyemba.

Tomato wambiri ndi chilichonse chowawasa zimadikira. Asidi amalimbitsa khungu la nyemba, ndipo ukamuthira zisanafewe, zikhoza kukhala tsiku lonse mupoto n'kutulukabe zolimba pakati. Tomato amalowa ola lomaliza. Sipinachi amalowa kwatsala mphindi 15, apo ayi amasanduka ulusi wotuwa.

Pa nkhuku sindinagwirizane ndi malangizo ambiri a ochepetsa thupi, amene amati gwiritsani ntchito chidali. Chidali chikakhala maola 7 kapena 8 pa Low chimauma n'kumangonyenyeka ngati utuchi m'kamwa. Ntchafu zimapirira. Ndimangosenda khungu, n'kudula mafuta ooneka. Supu akagona mufiriji, mafuta otsala amaundana pamwamba, ndipo umangowayengula ndi supuni. Nyamayo isalowe mupoto ili youma ndi ayezi: potoyu amatentha pang'onopang'ono, choncho nyama yosasungunuka imakhalitsa pakati pa madigiri 5 ndi 60, pamene tizilombo timaswana msanga.

Kirimu sindimamusowa. Ndimatunga kapu imodzi ya nyemba zakupsa, kuzinyenya ndi foloko, n'kuzibwezera, supu n'kulimba bwinobwino. Amene akufuna kukoma kwa mkaka aike supuni ya yogati yopanda shuga m'mbale mwake, osati mupoto, poti yogati ikakhalitsa pamoto imadukaduka.

Mchere sindinausiyiretu, ndipo sindikuona chifukwa chousiyiratu. Ndimathira theka la supuni yaing'ono mupoto wa mbale 6, pomaliza penipeni. Supuni yathunthu ili ndi sodiyamu pafupifupi mamiligalamu 2,300, ndiye theka ukaligawa pa mbale 6 zimabwera pafupifupi 190 pa mbale, kuwonjezera pang'ono pa amene ali kale m'nyama ndi m'masamba. Pambuyo pake ndimafinyira theka la ndimu, kapena kudontheza viniga. Aliyense amene akuti supu wochepa mchere sakoma ayambe wayesa zimenezi: alawe, afinyire ndimu, alawenso. Kusiyana kwake kumamveka pomwepo, ndipo pa zonse zimene ndinasintha, ichi ndiye chophweka kwambiri.

Mchere uja wosakaniza ndi potaziyamu ndinauyesa. Ukachuluka umasiya kuwawa kwachitsulo kumapeto kwa lilime. Kuposa apo, si wa aliyense: odwala impso ndi amene amamwa mankhwala ena a BP monga enalapril kapena losartan ayambe afunsa adokotala, chifukwa potaziyamu akachulukitsa m'magazi amasokoneza kugunda kwa mtima.

Nanga potoyo wapirira bwanji? Mbiya yake yamkati ikadali yosalala, kungoti pali mzere woyera m'mbali mwake umene nyemba zimasiya, ndipo umachoka ndi viniga. Sindiithira madzi ozizira ikadali yotentha, kuopa kuti ingang'aluke. Chogwirira cha chivundikiro chinayamba kugwedera, koma ndi nkhani ya sikuluu imodzi. Chimene chimandinyansabe n'choti wanga alibe nthawi yozimira yekha, moti ndikachedwa kubwera karoti amakhala atasungunukiratu. Wogula lero asankhe wokhala ndi chowerengera nthawi chimene chimasinthira chokha ku Warm, kongosunga chakudya chili chofunda. Pa kukula kwake, kumbukirani kuti amaphika bwino akadzadza theka mpaka magawo awiri mwa atatu, ndiye poto wamkulu kwambiri sathandiza munthu wokhala yekha. Ndipo musamangovundukula kuti muone, poti kutentha kukathawa kumatenga nthawi kuti kubwerere.

Pa nkhani ya thupi ndinene mosamala. Sikelo yatsika pang'ono ndipo BP ikuwerengeka bwino kuposa kale, koma ndikumwanso mankhwala ndiponso ndikuyenda, choncho sindingapereke ulemu wonse kwa supu. Chimene ndingachitire umboni ndi lilime. Milungu yoyamba zonse zinkamveka zozizira, kenako lilime linazolowera, ndipo posachedwa nditalawa supu wa kaphikidwe kakale kwa mnzanga, mchere wake unandiwawa moti sindinamalize mbale. Chinanso n'chakuti nyemba zimakhalitsa m'mimba, ndiye njala ya 4 koloko imene inkandithamangitsira ku mabisiketi inachepa.

Kutopa nako kudya chimodzimodzi kunabwera, osanama. Ndimasinthasintha: tsiku lina mphodza ndi jinja, zimene sizifuna kuviika ndipo zimapsa msanga, tsiku lina balere m'malo mwa theka la nyemba. Wotsala ndimamugawa m'timabokosi tosaya asanathe maola awiri chiphulireni. Wa masiku atatu otsatira amakhala mufiriji, winayo mufiriza. Potenthetsa ndimagwiritsa ntchito sitovu mpaka abwate, osati slow cooker, ndipo ndimu ndimafinyira watsopano nthawi iliyonse, poti wa dzulo kukoma kwake kumakhala kutathawa.