Bolopeni ya Bic ya buluu kwa ife ojambula tsiku ndi tsiku

Anzanga ojambula ongozikonda, amene sitinapiteko ku sukulu ya zojambulajambula ndipo sitidyera mmenemo, ndati ndikambeko za Bic Cristal, bolopeni ija yoonekera mkati ya kachitsekero ka buluu yomwe ambirife tinalembera mayeso a sitandade 8 mpaka a fomu 4. Ineyo ndi yomwe ndimajambulira tsiku lililonse ndipo ndinene pachiyambi pomwe kuti kwa munthu amene akufuna chizolowezi chojambula chimukhazikike, osati kujambula lero kenako kudzakumbukira mwezi wa mawa, sindinapeze chida china choposa imeneyi. Ili ndi zovuta zake ndipo ndizitchula, koma maganizo anga ndi amenewo.

Chomwe chimapha chizolowezi chojambula nthawi zambiri si ulesi ayi, ndi kukonzekera. Ukafuna kujambula ndi penti uyambe wapeza madzi, burashi, poyanika pepala, nthawi yotsuka zonsezo ukamaliza, nde munthu wachokera ku ntchito watopa, kunja kwada, mwina magetsi azima, ungoti aaa ndipanga mawa. Pensulo nayo imafuna kusongola, ukasowa shapena uyambe kufufuza lezala, kansonga kathyoka uyambirenso. Pa foni pali ma app abwino ndithu ojambulira koma batire ikatha zathera pomwepo, komanso ukangoigwira foniyo uthenga wa pa WhatsApp walowa, wayankha, walowa pa Facebook, ola latha sunajambule kanthu. Bolopeni ilibe zonsezi. Imakhala mthumba la malaya kapena mchikwama, wachotsa kachitsekero wayamba basi, kaya uli pa mzere ku banki, kaya mu minibasi yomwe ikudikira kudzaza pa depoti, kaya pa khonde ukudikira madzi osamba atenthe. Mphindi khumi zomwe zikanangopita zimasanduka chithunzi cha ndowa kapena njinga ya kabaza yomwe yaima patsogolo pako.

Ndiye pali nkhani ya mtengo. Zipangizo zenizeni za ojambula pafupifupi zonse zimachokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mapensulo a mitundu ndi mapepala okhuthala aja zinakwera moti ukagula umachita kuzisunga, kuopa kuziononga pa chithunzi chosalongosoka. Mantha amenewo ndi oipa kwa wophunzira chifukwa wophunzira amayenera kuononga mapepala ambiri. Bic nayo inakwera inde, palibe chomwe sichinakwere, komabe ikadali chinthu choti ukhoza kugula pa golosale ya pafupi osayamba wawerengera, ndipo imodzi imakhalitsa. Opanga ake amati imalemba mzere wotalika makilomita awiri kapena atatu isanathe. Ukamapaka mthunzi wambiri imatha msanga kusiyana ndi kulembera manotsi, koma poti thupi lake ndi loonekera mkati umaona inki ikutsika, sikudzidzimutsa pakati pa chithunzi.

Tsopano za kajambulidwe kake, apa mpomwe pali nkhani yeniyeni. Anthu ambiri amaganiza kuti bolopeni imangotulutsa mzere umodzimodzi wakuda bii, chifukwa tinaizolowera polemba pomwe timadinikiza. Koma inki ya Bic ndi yolimbirako, ya mafutamafuta, siyenda yokha ngati ya ma gel pen, mapeni a inki yofewa aja, imatuluka molingana ndi mmene kampira ka kunsonga kakugudubukira komanso mmene wadinikizira. Kampirako nka chitsulo cholimba kwambiri chotchedwa tungsten carbide, kukula kwake milimita imodzi. Nde ukaigwira bolopeniyo chakumbuyo, kutali ndi nsonga, nkuipendeketsa pang'ono nkumangokhudza pepala mopepuka, imatulutsa timizere tofooka toti ukatiyang'ana patali umangoona ngati utsi wa buluu. Ukabwerezanso pamwamba pake kumadako pang'ono, ukabwerezanso mopingasa kumadanso, mpaka kufika pakuda penipeni. Zili ngati kuthira ufa pophika nsima, pang'onopang'ono uku ukuona mmene ikulimbira, ukathira wambiri nthawi imodzi yachita mibulu ndipo kubweza kulibe. Ma gel pen ndinawayesa, ndi okoma kulembera, koma pa mthunzi sangafanane chifukwa ukangokhudza pepala inki yonse yatuluka.

Pojambula khungu la munthu wakuda buluu ameneyu amachita zodabwitsa abale. Powala pa chipumi, pa mphuno, pa tsaya, umangosiya pepala loyera osakhudzapo, kwina konseko nkumanga mthunzi pang'onopang'ono, ndipo nkhope imatuluka yamoyo kuposa mmene ndimaitulutsira ndi pensulo ya HB yomwe ukaidinikiza kwambiri imayamba kunyezimira. Amene mukukayika kafufuzeni pa intaneti ntchito za Oscar Ukonu wa ku Nigeria, amajambula nkhope zikuluzikulu ndi bolopeni ya buluu yokha moti poyamba umayesa ndi chithunzi cha kamera. Kulinso Enam Bosokah wa ku Ghana, ndi Juan Francisco Casas wa ku Spain amene anatchuka ndi Bic ya buluu yomweyi. Kampani ya Bic mpaka ili ndi mpikisano wake wa ojambula ndi bolopeni wotchedwa Art Master Africa. Sindikunena kuti ife a mphindi khumi pa tsiku tifika pamenepo, anthu amenewa chithunzi chimodzi amakhala nacho masabata, koma zimalimbitsa mtima kudziwa kuti chida chomwe chili mmanja mwako ndi chomwecho chili mmanja mwawo.

Chinthu china chomwe ambiri amachiona ngati vuto ine ndimachiyika ku mbali ya ubwino, bolopeni sifufutika. Ndi pensulo munthu umatha theka la nthawi uli ndi labala mmanja, diso limodzi kulijambula nkufufuta, kulijambula nkufufuta mpaka pepala kuchita bowo, tsiku latha chithunzi sichinathe ndipo mawa mtima wobwererako palibe. Ndi bolopeni mzere ukapita wapita. Umaphunzira kuyang'anitsitsa chinthucho usanayike nsonga pa pepala, umayamba ndi timizere topepuka tofufuzira malo, ndipo mzere ukakhota umangojambula wolondola pambali pake nkupitiriza, pamapeto ukapaka mthunzi wokhotawo suonekanso kwenikweni. Chithunzi chimatha tsiku lomwelo, chabwino kapena chosalongosoka, watembenuza tsamba. Kwa munthu wofuna kujambula tsiku lililonse kumaliza ndi komwe kumakubweretsanso mawa. Ndikatsegula makope anga akale ndimaona bwinobwino pomwe dzanja linayamba kukhazikika chifukwa palibe chinafufutidwa, zonse zilipo mmene zinalili.

Kapangidwe kake nako nkoyenera kukatchula. Bolopeni imeneyi inatuluka ku France mu Disembala 1950, mwini wake anali Marcel Bich amene anatenga nzeru ya László Bíró, munthu wa ku Hungary yemwe anayambitsa bolopeni yamakono, nkuikonza kuti ikhale yotchipa. Pofika 2006 kampani ya Bic inali itagulitsa zokwana 100 biliyoni ndipo maonekedwe ake sanasinthe kwenikweni. Thupi lake lili ndi mbali zisanu ndi imodzi ngati pensulo nde siigubuduka kugwa pa tebulo, komanso zala zimagwira bwino ngakhale utuluke thukuta. Kabowo kakang'ono ka pambali kaja ambiri tinkayesa nkongokongoletsa, koma ntchito yake nkulowetsa mpweya kuti wa mkati ndi wa kunja ufanane inki iziyenda bwino. Bowo la pamwamba pa kachitsekero analiyika mu 1991 kuti mwana akakameza mwangozi athe kupumabe, ndipo kwa ife ojambula ana ali pafupi, amene amatola chilichonse nkuyika mkamwa, ndi chinthu chofunika ngakhale sichikutanthauza kuti tiziwasiyira. Ndi yopepuka kwambiri, ena amadandaula kuti ndi yopyapyala imapweteka chala ukajambula nthawi yaitali, zoona ndithu ukapitirira ola chala chapakati chimamva, ine ndimangokulungako kansalu kapena ka tepi pogwirira.

Zovuta tsopano, ndipo izi ndi za mabolopeni onse a mtundu umenewu. Choyamba inki imaunjikana kunsonga. Ukamapaka mthunzi mwachangu kampira kamasonkhanitsa inki pambali, kenako mwadzidzidzi kadontho kakuda kagwera pa tsaya la munthu amene wakhala ukumusamalira bwinobwino. Mankhwala ake ndi tishu kapena kapepala kena pambali, timizere tingapo wapukuta nsonga, timizere tingapo wapukuta, mpaka dzanja limazolowera lokha. Kadonthoko kakagwa osakapukuta ndi chala, kamafalikira, kasiyeni kaume. Muziyikanso pepala loyera pansi pa dzanja lanu chifukwa inki yatsopano imatenga kanthawi kuti iume ndipo mphepete mwa dzanja mumanyamula buluu nkumudinda pena paliponse.

Chachiwiri, ndipo ichi nchachikulu kwa amene mukufuna kupachika zithunzi pa khoma kapena kupatsa munthu ngati mphatso, inki ya bolopeni imazilala ndi dzuwa. Sinapangidwe kuti ikhale pa kuwala zaka ndi zaka. Mu kope lotseka imakhala bwinobwino, koma chithunzi chopachika moyang'anana ndi windo chimafooka pang'onopang'ono. Nde chomwe mwachikonda chijambuleni ndi foni tsiku lomwelo pa kuwala kwa masana, ndipo chenichenicho chisungeni mu fayilo kapena pa khoma losafika dzuwa. Madzi pang'ono inki youma siiopa kwenikweni, mukhoza mpaka kupaka penti ya madzi pamwamba mizere osasungunuka, koma spirit ndi sanitaiza zimaisungunula nthawi yomweyo, musagwire chithunzi manja asanaume. Kutentha nako, musaisiye pa dzuwa kapena mu galimoto yotseka miyezi ya Okutobala ndi Novembala, bolopeni iliyonse ikatenthedwa ikhoza kutayikira. Komanso siilemba nthawi yaitali nsonga itayang'ana mmwamba, nde zojambula utagona chagada kapena pepala utalimata pa khoma pamwamba sizitheka.

Pepala limasintha zambiri. Kope wamba la sukulu limatheka ndipo poyambira ndi labwino chifukwa sulimvera chisoni, kungoti mapepala ake ndi opyapyala, ukadinikiza mizere imadindika masamba awiri atatu a kutsogolo, nde ikani kachikatoni kopyapyala pansi pa tsamba lomwe mukujambulapo. Mizere ya mkopemo imasokoneza pang'ono pa nkhope koma pa zinthu monga mbaula, chigubu, nsapato, mulu wa tomato, palibe vuto. Ine chomwe ndimakonda ndi mapepala oyera a A4 a fotokope aja, ndi osalala bwino kampira kamayenda mosakodwa, ndimawapinda pakati nkuwasoka ndi ulusi kukhala kabuku kolowa mchikwama. Pepala lokhakhala la penti ya madzi silimvana ndi bolopeni, mzere umadukaduka. Ndipo pansi pakhale pofewerako, mapepala angapo osanjikiza, pa tebulo louma gwa timizere topepuka tija sitituluka bwino.

Pa mitundu, yakuda ilipo, yofiira ilipo, yobiriwira imapezeka mwa apo ndi apo. Yakuda ndi yabwino pa nyumba, mitengo, phiri, zinthu za ngodya, koma kwa ine mthunzi wake wopepuka sukoma ngati wa buluu. Yofiira payokha imatopetsa maso koma kuiyika pang'ono pansi pa buluu pa milomo kapena pa maluwa a chitenje imapereka kakutentha kabwino. Palinso Bic ya thupi la olenji ya nsonga yaing'ono, imeneyo ndi yothandiza pa tsitsi, nsidze ndi timakwinya ta mmaso, ngati mwaipeza tengani imodzi iziyenda ndi inzakeyo. Pogula yesani kaye pa kapepala, pamsika pamapezeka zina zofanana nayo maonekedwe koma si yeniyeni, zimenezo zimadukiza inki ndipo mthunzi wopepuka sizitulutsa. Yeniyeni dzina limakhala lodindidwa bwino pathupi ndipo ukakhudza pepala mopepuka imayankha pompo.

Amene mukufuna poyambira, Okutobala ndi mwezi wabwino chifukwa kumakhala Inktober, yomwe anaiyambitsa Jake Parker wa ku America mu 2009, chithunzi chimodzi cha inki tsiku lililonse masiku onse 31, ndipo chaka chilichonse amatulutsa mndandanda wa mawu oti uzijambula kuchokera pamenepo nde funso loti lero ndijambule chani silikuvutitsa. Bolopeni ndi inki, ikuloledwa bwinobwino. Koma musachite kudikira Okutobala, zojambula zili pakhomo pomwepo, nkhuku ikamwa madzi, dzanja lanu lamanzere, agogo akamasankha nyemba ngati avomera kukhala phee pang'ono.

Kwa amene akufuna kugulitsa zithunzi zoti zikakhale pa khoma la munthu zaka makumi, kapena amene mtima wake uli pa mitundu yambiri yowala, Bic siingamukwanire, asunge ndalama agule mapeni a inki yosazilala kapena penti. Koma ngati muli ngati ine, ntchito ina masana, ana madzulo, nkumafunabe kuti tsiku lisadutse dzanja lisanajambuleko kanthu, gulani ziwiri za buluu, ina izikhala mchikwama ina pafupi ndi pogona, tishu musaiwale.