Calvino ndi Perec: muyambe kugula buku liti, nanga adatengera mnzake ndani?

Mabuku awiriwa adatuluka motsatizana. La Georges Perec, Life A User's Manual, lidatuluka m'Chifalansa mu 1978, ndipo la Italo Calvino, If on a winter's night a traveller, m'Chitaliyana mu 1979. Pano tikuunika makope a Chingerezi. William Weaver adamasulira la Calvino mu 1981, David Bellos la Perec mu 1987.

Yambani ndi la Calvino. Ndi laling'ono, masamba ake safika 300. Lili ndi mitu 12 yolankhula ndi "iwe", wowerenga, ndipo pakati pake pali nkhani 10 zomwe zimayamba bwino kenaka n'kuduka zikangofika pokoma. Musabweze bukulo kusitolo poganiza kuti adalimata molakwika, chifukwa kudukako n'kwadala. Chofooka chake n'chakuti pofika nkhani yachisanu ndi chiwiri mumakhala mutaudziwa kale msamphawo, chidwi n'kuyamba kuzilala.

La Perec ndi lalikulu kuwirikiza kawiri ndipo limafuna kudekha. Adatenga nyumba yosanja yongopeka ya ku Paris, 11 rue Simon-Crubellier, n'kuigawa m'timabokosi 10 m'litali, 10 m'lifupi. Mutu uliwonse ndi chipinda chimodzi, ndipo nkhani imadumpha kuchoka chipinda china kupita china monga hatchi imayendera pa bolodi la chess. Mitu imayenera kukhala 100 koma ilipo 99, umodzi adausiya dala. Zonse zaima pa nthawi imodzi, pa 23 June 1975 itatsala pang'ono kukwana 8 koloko madzulo. Ambiri amagwa ulesi ndi mndandanda wa katundu wa m'zipinda n'kumaudumpha, osadziwa kuti nkhani ya Bartlebooth, mmodzi mwa okhala m'nyumbayo, ndi zithunzi zake 500 zodulidwa tizidutswa 750 chilichonse imalumikizana kudzera m'tinthu timeneti. Gulani la pepala. Kumapeto kuli mapu a nyumbayo ndi mlozera wa mayina, ndipo mudzazitsegula kawirikawiri, zomwe n'zotopetsa pa foni.

Funso la kutengerana ndi lovutirapo. Onse anali a gulu la Oulipo, lomwe Raymond Queneau ndi François Le Lionnais adaliyambitsa mu 1960 kuti lizilemba motsata malamulo odziikira okha. Perec adalowa mu 1967, Calvino pambuyo pake akukhala ku Paris. N'chifukwa chake mabuku onsewa ali ndi nkhani zambirimbiri zomangidwa pa chimango cha masamu. Koma chaka chimodzi n'chochepa kuti tinene kuti Calvino adakopera kamangidwe ka mnzake, makamaka poti adali ataluka kale nkhani pa makadi olosera zam'tsogolo a tarot m'buku lake la 1973.

Umboni wogwirika uli mbali zonse ziwiri. Perec adatchula Calvino pa mndandanda wa alembi omwe adabisa mawu awo m'buku lake, ndipo Calvino adalitamanda bukulo m'nkhani zomwe adakonza kukakamba ku Harvard mu 1985, koma adamwalira asanakazikambe. Ife tikuona kuti gwero lenileni ndi Queneau. Calvino adamasulira buku la Queneau mu 1967, ndipo Perec adalemba lakeli pomukumbukira.

Amasiyana pakuti Calvino amakuonetsani lamulo lake poyera, pomwe Perec amalikwirira pansi pa mipando ndi makapeti, moti mutha kumaliza buku lonse osaiona hatchi ija.