Gasi wosungira wa mowa wa m'kegi: timakatiriji, botolo la SodaStream kapena silinda yachiwiri?

Mowa wa m'kegi, mgolo wachitsulo wosungiramo mowa, umafika pampopi chifukwa chokankhidwa ndi gasi wa CO2 wochokera m'silinda, ndipo gasi yemweyo ndi amene amauteteza kuti usasukuluke, popeza presha ya pamwamba pa mowa ikatsika, mpweya umene unalowerera m'mowamo umayamba kutuluka kuti udzaze malo opanda kanthu m'kegimo. Silinda ikatha Lachisanu madzulo, malo odzazitsira gasi atatseka mpaka Lolemba, matambula oyamba amatuluka bwinobwino, otsatira amatuluka mwaulesi, kenako mpopi umangodontha, ndipo mowa wotsalawo umakhala utataya ukali wake. Ife amene timasunga mowa m'makegi kunyumba timadziteteza m'njira zitatu: ena amasunga timakatiriji, timene ndi timabotolo tachitsulo ta gasi, ta magalamu 16, ena botolo la gasi la SodaStream, makina apakhomo olowetsera gasi m'madzi akumwa, ndipo ena amagula silinda yachiwiri yeniyeni. Zonse zitatu zimagwira ntchito, koma sizifanana mphamvu, ndipo sizipulumutsa munthu ku vuto lofanana.

Chimene chimachititsa kuti gasi wosungira akhale wofunika ndi chakuti geji yoyezera presha siichenjeza msanga. Regulator, chipangizo chomangidwa pa silinda chimene chimachepetsa presha ya gasi, nthawi zambiri imakhala ndi mageji awiri, ina yosonyeza presha yopita ku kegi, ina yosonyeza presha ya m'silinda, ndipo ambiri amakhulupirira kuti yachiwiriyi imaonetsa kuchuluka kwa gasi wotsala. Sizili choncho. CO2 wa m'silinda amakhala wamadzimadzi, ndipo malinga ngati madziwo akadalimo, presha imatsatira kutentha kokha. Pa madigiri 20 imakhala pafupifupi 57 bar, imene ndi 830 psi, kaya silinda ndi yodzaza kaya yafika theka. Mukaiika m'furiji pa madigiri 4, muvi umatsika kufika cha pa 39 bar ngakhale simunagwiritse ntchito galamu ndi imodzi yomwe. Muviwo umayamba kutsika chifukwa cha kutha kwa gasi pokhapokha madzi onse atasanduka mpweya, ndipo pamenepo pafupifupi magawo atatu mwa anayi a gasi wanu amakhala atapita kale. Amene amaphikira gasi amadziwa kuti silinda ya kukhitchini timaiyesa poinyamula, ndipo ya CO2 ndi chimodzimodzi. Kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu kumadindidwa paphewa pake, pafupi ndi zilembo TW kapena TARE. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kuiyeza pasikelo tsiku limene yadzazidwa, regulator itachotsedwa, n'kulemba nambalayo pa kachidutswa ka tepi komata pa silindapo, kuti mtsogolo muzingochotsera.

Kuti tiyerekeze bwino, tiyenera kudziwa gasi amene kegi imodzi imadya. Titenge kegi ya Cornelius ya malita 19, mtundu umene kale unkanyamula zakumwa zoziziritsa kukhosi ndipo lero ofulula mowa kunyumba amaukonda. Mowa wamba umafuna pafupifupi magalamu 5 a CO2 pa lita iliyonse, koma gawo lina limakhalamo kale kuchokera pamene unkawira, choncho wowonjezera amakhala cha m'ma magalamu 60. Kuukankha wonse mpaka kegi itatha, pa presha ya 0.8 bar kapena 12 psi, kumadya magalamu ena pafupifupi 70. Mukaphatikiza gasi wothamangitsira mpweya wamba m'kegi musanatseke, mumafika pa magalamu 150 kapena kupitirira pang'ono. Wogula kegi ya ku kampani, imene mowa wake unalowetsedwa kale gasi, amangofuna wokankhira yekhayo.

Timakatiriji ta magalamu 16 sitifuna mawu ambiri. Kamodzi kamakankha malita anayi okha, kotero kegi yodzaza imafuna tinayi kapena tisanu, ndipo kulowetsa gasi m'mowa watsopano ndi timeneti n'kutaya ndalama, chifukwa pa galamu iliyonse palibe gasi wokwera mtengo kuposa ameneyu. Timafunanso regulator yakeyake yaing'ono, pakuti kachipangizo kongofinya kopanda regulator kamalowetsa presha yosadziwika, mowa n'kusanduka thovu lokhalokha. Onetsetsani kuti ndi tovomerezeka pa zakudya, osati topopera matayala a njinga. Ubwino wake ndi umodzi wokha koma woona: timalowa m'thumba la malaya, ndipo ngati mukufuna kunyamula kegi kupita nayo kuchinkhoswe kapena kunyanja, palibe chopepuka kuposa timeneti.

Botolo la SodaStream lili pakati. Limakhala ndi magalamu pafupifupi 425, amene amakwanira pafupifupi makegi atatu ngati mukulowetsa gasi ndi kukankha, kapena asanu ndi imodzi ngati mukungokankha. Mphamvu yake yaikulu ndi kumene limapezeka. Ku Johannesburg kapena ku London mabotolowa amasinthidwa m'masitolo akuluakulu ogulitsa zakudya, amene amatsegula Loweruka ndi Lamlungu pamene makampani a gasi atseka, ndipo awa ndi masiku enieni amene gasi amakonda kutithera. Komabe pamafunika adaputa, kachipangizo kolumikizira botololi ndi regulator, chifukwa pakamwa pa botololi sipagwirizana ndi regulator ya silinda wamba. Mabotolo a buluu ochita kupotokola ndi amene amalowa adaputa yodziwika yotchedwa TR21-4, pamene atsopano a pinki, otchedwa Quick Connect, amafuna ina. Adaputa yabwino ndi yokhala ndi kachogwirira pamwamba, imene imakulolani kumanga zonse bwinobwino musanakankhe kapini kotsegula botolo. Yopanda kachogwiriraka imataya gasi pamene mukuimanga. Botololi ndi lowonda ndipo regulator ndi yolemera, choncho limagwa mosavuta, pomwe liyenera kukhala choimirira nthawi zonse kuti madzi a CO2 asalowe mu regulator. Kwa munthu amene amakhala kutali ndi sitolo yosinthitsa mabotolowa, ubwino wonse umene ndatchulawu kulibe.

Silinda yachiwiri ndiyo imafuna ndalama zambiri poyamba, koma ndi yokhayo imene imakubwezerani pomwe munali popanda kusintha kalikonse. Mumamasula regulator, kuimanga pa inayo, basi. Ku America zodziwika ndi za mapaundi 5, 10 ndi 20, amene ndi makilogalamu 2.3, 4.5 ndi 9. Ku Ulaya za makilogalamu 2 zilipo zambiri, ndipo m'mabala a ku Britain mumapezeka za makilogalamu 6.35. Ya makilogalamu 2.3 ikhoza kutumikira makegi pafupifupi 15 ngati palibe pothawira gasi, ndipo apa mpamene imasiyira kutali njira ziwiri zija. Popeza mtengo wodzazitsa pa kilogalamu umatsika silinda ikamakula, nzeru ndi kugwiritsa ntchito yaikulu tsiku ndi tsiku n'kusunga yaing'ono, imenenso ingathandize kulowetsa gasi m'kegi ina pambali pamene yaikulu ili pa ntchito yake.

Apa mpamene ambiri amapunthwa, ndipo ndikupemphani musamale. Mavalavu a masilinda sali ofanana padziko lonse. Ku America ndi Canada amagwiritsa ntchito CGA-320, ku Ulaya W21.8, ku Britain BS 341 nambala 8. Wachibale akakubweretserani silinda kuchokera ku America pamene regulator yanu ndi ya ku Ulaya, ziwirizi sizigwirana, ndipo odzaza gasi a kwanu akhoza kuikana chifukwa alibe cholumikizira chake kapena saizindikira chidindo chake. Silinda yosungira iyenera kukhala ndi valavu yofanana ndi imene mukugwiritsa ntchito kale. Yang'ananinso tsiku limene inayesedwa komaliza, lomwe limadindidwa paphewa pomwepo, chifukwa ku America lamulo limafuna kuti iyesedwe zaka 5 zilizonse, ku Britain ndi ku Ulaya zaka 10, ndipo yopitirira nthawi sadzaza mpaka itayesedwanso. Izi zimakhudza kwambiri silinda yosungira, imene imatha chaka chonse ili pakona. Pewaninso silinda yokhala ndi paipi yofika pansi mkati mwake, monga zozimitsira moto, pakuti imatulutsa madzi m'malo mwa mpweya ndipo imaononga regulator.

Pali kusankhanso pakati pa kudzazitsa silinda yanuyanu, kusinthitsa, ndi kubwereka. Kusinthitsa n'kwachangu ndipo nkhawa ya tsiku loyesa imakhala ya wogulitsa, koma mukapereka silinda yanu yatsopano ya aluminiyamu mukhoza kulandira yakale yachitsulo. Makampani akuluakulu monga BOC ku Britain, kapena Afrox ku South Africa, Zambia ndi Malawi, kawirikawiri amabwereketsa masilinda awo pa lendi, zimene zili bwino kwa mwini bala, koma kwa munthu wapakhomo zikutanthauza kulipirira chinthu chongokhala. Silinda yosungira ndi bwino ikhale yogula.

Ena amati kusunga silinda yathunthu n'kukokomeza, popeza Lolemba silichedwa kufika. Koma CO2 wa zakumwa wambiri amachokera m'mafakitale a feteleza, kumene amatuluka popanga amoniya, ndipo mafakitalewo akaima, gasi amasowa kwa milungu. M'chilimwe cha 2018, pa nthawi ya mpikisano wa mpira wa World Cup, mafakitale angapo a ku Ulaya anatsekedwa nthawi imodzi kuti akonzedwe, ndipo ku Britain mitundu ina ya mowa inasowa m'mabala. Mu September 2021 kampani ya feteleza ya CF inaimitsa mafakitale ake a ku Billingham ndi Ince chifukwa cha kukwera mtengo kwa gasi wachilengedwe, mpaka boma la Britain linalowererapo. Gasi akachepa chotero, ogulitsa amayamba ndi zipatala ndi makampani a zakudya, ndipo ife a kegi imodzi timakhala kumapeto kwa mzere. Timakatiriji sitingakuolotseni nyengo yotere, botolo la magalamu 425 likhoza kukufikitsani mwezi umodzi kapena iwiri, pamene silinda yachiwiri imakupatsani miyezi yambiri. Ndiye maganizo anga ndi akuti wokhala mumzinda amene amamaliza kegi imodzi pamwezi akhoza kudalira SodaStream mopanda mantha, koma aliyense wa mipopi iwiri kapena itatu, kapena wokhala kutali ndi kodzazitsa, agule silinda.

Mtengo wina wa silinda yachiwiri ndi udindo woisunga bwino, ndipo uwu si wochepa. Kilogalamu imodzi ya CO2 imasanduka malita a mpweya opitirira 500, choncho silinda ya makilogalamu 2.3 ikatulutsa gasi wake yense m'kachipinda ka makyubiki mita 20 kotseka, CO2 amafika pafupifupi 6 peresenti ya mpweya wa m'menemo, pomwe 4 peresenti imatengedwa kale kuti ndi yoika moyo pachiswe. Gasiyu alibe fungo ndipo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, motero amadzikundikira pansi, kumene ana amasewera. Silinda imangiriridwe kukhoma ndi tcheni kapena lamba, ili choimirira, pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula ndi dzuwa. Musaisiye m'galimoto yotseka masana, pakuti kutentha kukapitirira madigiri 31 presha imakwera mofulumira kwambiri, ndipo kachitsulo kotetezera ka pa valavu kakaphulika, gasi yense amatuluka nthawi imodzi.

Silinda imene yatha msanga kuposa mmene masamu aja akusonyezera imakhala ikuloza kuti pali pothawira gasi, ndipo mukangolumikiza yosungira musanapeze malowo, nayonso idzatha m'masiku ochepa. Malo okayikitsa ndi kawasha ka nayiloni ka pakati pa valavu ndi regulator, mphira wa chivundikiro cha kegi, ndi polumikizira mapaipi. Mangirirani mawasha awiri atsopano ndi sipanala pa khosi la silinda yosungira kuti musadzawafunefune usiku. Mukasintha silinda, pakani madzi a sopo polumikizira ponse n'kuyang'ana ngati pakutuluka thovu, kenako chotsani paipi pa kegi, tsegulani valavu kuti mapaipi adzaze, itsekeninso, ndipo m'mawa muone geji. Ngati muvi watsika, gasi akuthawira pakati pa silinda ndi mapaipi, ndipo ngati sunasunthe, vuto lili pa kegi.